Anandiletsa Kuyang'ana Phiri

Aulutsi, ndiwerengereni nkhani yangayi, koma dzina langa musalitchule. Ndine mtsikana wa ku Likhubula.

Pokonzekera mayeso a Folomu 4, ndinkawerenga manotsi a fotokope, a zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere, kuyambira m'mawa mpaka madzulo osadzutsa mutu.

Tsiku lina masana ndinatuluka panja. Phiri la Mulanje, lomwe ndakhala ndikuliona chibadwire, linali litasungunuka ngati utsi. Panjira yotsika kuphiriko pankabwera anthu awiri osenza nkhuni, ofanana ndendende, oponda mofanana, opanda nkhope. Atayandikira, awiriwo analowana n'kukhala munthu mmodzi: amayi anga.

Azakhali atamva anagwira pakamwa. "Mwanawe, mizimu ya kuphiri ikukuitana. Usayang'anenso kumeneko!"

Ananditsekera m'nyumba, zenera loyang'ana kuphiri n'kuliphimba ndi chitenje. M'menemo ndikanachitanso chiyani? Ndinkangowerenga. Mutu unkawawa, maso ankatentha ngati muli tsabola, ndipo aliyense woima pakhomo ankabwera ndi mnzake wopanda nkhope.

Amalume ndiwo ananditengera kuchipatala. Adokotala a maso anati, "Dzanja likagwira khasu tsiku lonse, zala zimakana kutambasuka. Maso akonso atero, azolowera zapafupi. Ukawerenga pang'ono, uzidzutsa mutu n'kuyang'ana kutali."

"Kutali kuti?" ndinafunsa.

Analoza pazenera. "Phiri lonseli sukuliona?"

Anzanga olemba mayeso, muzipumitsa maso. Ine chitenje chija ndinachichotsa, ndipo masiku ano amayi amatsika kuphiri ali okha.