Phiri la ku Iceland ndi Nkhuku ya Chinkhoswe Changa

Abusa ndi amayi abusa, akulu ampingo, amayi athu, achinyamata kumbuyoko, ndakulonjerani nonse m'dzina la Ambuye. Aleluya! Ayi, imeneyo ndi Aleluya ya anthu ochokera ku shifiti ya usiku. Aleluya! Eya, tsopano mwadzuka.

Kwa alendo, ine ndine bambo a Dalitso a ku Evington, konkuno ku Leicester, ndipo ndaima pano kuti ndichitire umboni. Mwezi uno ine ndi mayi a Dalitso, awo avala duku lobiriwirawo, tikukumbukira chinkhoswe chathu. Chinali chinkhoswe chokoma kwambiri. Ndimamva choncho. Mwini wakene sindinapiteko.

Ndikuona ena mwayamba kale kumwetulira. Abale, ine nkhani sindithira nsinjiro. Chilichonse chimene ndinene pano ndi choona, ndipo ndikuchinena pamaso pa abusa.

Chinali chaka cha 2010, mwezi wa Epulo. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku weyahausi ku Corby, ndikugona m'kachipinda kamodzi ku Highfields. Mayi awa ankaphunzira unamwino, ndipo tinadziwana mumpingo uno. Tinagwirizana kuti chinkhoswe chikachitikire kwawo ku Dedza. Iwo anatsogola kukakonza zinthu. Ine, malinga ndi holide imene manejala anandipatsa, ndimayenera kunyamuka Lachinayi, kufika Lachisanu, chinkhoswe Loweruka.

Tsono kunali amalume awo, nkhoswe ya kuchikazi. Munthu wamkulu, wosaseka wamba. Amalumewa sankandikhulupirira, ndipo mpaka lero sindidziwa chifukwa chake. Tinali titalankhulapo kamodzi pa foni, atandifunsa za ntchito yanga. Ndinawauza zoona zokhazokha: kuti weyahausi yathu ndi yaikulu moti ukatumidwa mbali inayo umatsanzika anzako n'kutenga kamba, komanso kuti mnyamata wina wa ku Zambia anapita kukatenga katoni, anabwerako ali ndi imvi. Amalume anangoti, "Chabwino." Kenako anauza mayi awa kuti, "Mwana wanga, ku Mangalande konse kuja, iwe wakasankha tambwali."

Lachinayi lija ndinakwera kochi kupita ku Heathrow, masutikesi awiri, suti ili m'pepala lake. Kufika pa eyapoti, anthu ali piringupiringu. Kuyang'ana pa sikirini, ndege zonse zakanselidwa. Zonse! Ndinafunsa mayi wina wa yunifolomu, nati, "Phiri laphulika ku Iceland. Phulusa lake ladzaza mlengalenga, ndipo likalowa mu injini ya ndege, injini imazima."

Ndinatuluka panja kuti ndilione phulusalo. Abale, kumwamba kunali mbee! Dziko lino limene dzuwa limabwera ngati mlendo wa viza yaifupi, tsiku limenelo linawala ngati kwathu mu Okutobala. Kumwamba kuli zii, kopanda ndege ngakhale imodzi. Nkhunda nazonso zinkayenda wapansi, kudikira chilolezo. Ndinaziona ndi maso angawa. Mzere wa anthu ofuna kusintha matikiti unali wautali moti bambo amene anali patsogolo panga anayamba chibwenzi, kumanga banja ndi kupatukana tisanafike pa kauntala.

Ndinagula khadi yoimbira foni. Achinyamata, nthawi imeneyo kunalibe zoonana pa foni izi. Umagula khadi, kukanda ndi kobiri, kuyimba manambala ambirimbiri, kenako mawu a mzimayi amakuuza mphindi zimene watsala nazo, ndipo amanama.

Foni anayankha ndi amalume.

"Malume, ndege zaima. Phiri laphulika."

"Phiri lake liti, bambo?"

"La ku Iceland."

"Inu mumakhala ku Iceland?"

"Ayi, ku Leicester."

"Nanga ndegeyo imadzera ku Iceland pobwera ku Lilongwe?"

"Ayi, malume, koma phulusa..."

"Bambo, ine ndakalambira pansi pa phiri la Dedza. Chaka ndi chaka osaka mbewa amaliyatsa, utsi tolo. Ndege zimadutsa bwinobwino. Ngati muli ndi mkazi wachizungu kumeneko, nenani, tisavutike kusesa pabwalo."

Ndinawauza kuti atsegule wailesi. Anatsegula, wailesi inanena zomwezo. Mukudziwa chimene anayankha? Anati, "Phiri laphulikadi. Koma pa masabata onse a pachaka, lasankhiranji sabata yake yomweyi?" Abusa, munthu ine, wa weyahausi, anandiganizira kuti ndagwirizana ndi phiri.

Mawu awo otsiriza anali akuti: Loweruka mkamwini akapanda kuoneka, nkhuku ya thadzi siperekedwa. Inu a kwathu mukudziwa. Akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi amapereka thadzi, ndipo thadzi likapanda kudutsa, palibe banja. Anaonjezanso kuti pali bambo wina wa chigayo amene wakhala akufunsira, munthu woyenda pansi, wosadalira mitambo.

Apa ndiye musaseke. Ndinabwerera ku Leicester ndi masutikesi anga, n'kukhala pabedi osavula nsapato. Ndinaopa, abale. Ndinaopa zenizeni. Mtsikana uja anali atauza abale ake onse kuti munthu wake akubwera. Manyazi onsewo akanawasenza yekha pabwalo, ine ndili kuno. Ndinagwada n'kunena kuti, "Ambuye, phirilo ndi lanu, mlengalenga ndi mwanu, Dedza ndi wanu. Ine ndilibe mapiko. Ngati mkazi uyu munandilembera, tsegulani njira." Ndinkadikira kuti Mulungu azimitse phiri. Sanalizimitse. Linapitiriza kufuka ngati silinamve.

Loweruka masana abusa athu a nthawi imeneyo anabwera m'kachipinda kanga ndi abale angapo. Ine ndinavala suti yanga, tayi, nsapato zopolisha. Abusa anati, "Nanga suti ya chiyani, poti sakukuonani?" Ndinati, "Mulungu akundiona." Tinaimba nyimbo, tinapemphera, ndipo ndinakanda khadi yatsopano.

Ku Dedza achimwene anga aakulu, nkhoswe yanga, anali atagwada kuyambira m'mawa, tambala ali m'khwapa. Maondo awo mpaka lero ali ndi mapu a bwalo lija. Potsiriza amalume anati, "Chabwino. Tichita mwambo. Koma wolozayo akhale mwini wake, pa foni pomwepo, ndipo aloze kamodzi."

Ana obadwira kuno, mvetserani. Pa chinkhoswe amatulutsa atsikana angapo atafunditsidwa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kuti akuchimuna aloze wawo. Nthawi zambiri ndi masewera, ukalakwitsa anthu amaseka, n'kupitiriza. Koma tsiku limenelo sanali masewera. Anatulutsa atsikana anayi. Ine sindikuwaona. Ndipo amalume analamula kuti wofunditsidwa chitenje salankhula. Achimwene ananong'ona pa foni, "Mphwanga, zitenje zake n'zofanana, misinkhu yofanana, ndi mapazi omwe awaveka masokosi. Inenso sindikudziwa. Pemphera."

M'chipinda muja abusa anandigwira paphewa. Sindinamve mawu ochokera kumwamba, ayi. Ndinangomva mtima ukukhazikika pansi, n'kubwera ganizo. Ndinafunsa kuti, "Malume, iwo salankhula. Nanga ine ndingalankhule?"

Anati, "Inu ndiye amene angakuletseni ndani?"

Achimwene analowetsa foni pansi pa chitenje choyamba. Ndinayamba kufotokoza nkhani ya nkhandwe, imene ambiri muno mumaidziwa. Inandibera chakudya changa pamalo odikirira basi ya ku Corby, m'mawa mwake inabweza kontena ili yotsukatsuka, ndi chivindikiro chomwe. Nkhani yoona. Ndisanamalize n'komwe, pansi pa chitenje paja panamveka, "Khikhikhi!" Ndinati, "Achimwene, pitirirani."

Chitenje chachiwiri. Ndinayambanso. Nkhandwe yabwera. Zii. Yatenga kontena. Zii. Ndinafika pa chivindikiro, malo amene ngakhale manejala wanga mzungu anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Zii. Ndinaganiza kuti foni yaduka. Kenako, kuchokera ku Dedza, kudutsa chipululu, kudutsa nyanja, kudutsa phulusa lonse lija, ndinamva munthu akutsonya. Kutsonya kwautali, abale, kochokera pansi pa mtima. Mawindo a ku Highfields ananjenjemera.

Ndinakuwa, "Ndi ameneyo! Wachiwiriyo! Musapitenso kwina, ndi ameneyo!"

Pomwepo mzimayi wa mu khadi uja anati mphindi zanga zatha.

Sindinadziwe ngati andimva. Ndinatsika masitepe osawaponda, kuthamangira kusitolo ya pakona nditavala suti, abusa ali pambuyo ndi Baibulo m'manja. Mwini sitolo ataona tayi anandifunsa ngati ndikupita ku ukwati. Ndinati, "Bwana, ndili pa ukwatipo panopa, fulumirani." Khadi ndinakanda ndi mano. Foni inalira, inalira, kenako inayankhidwa, koma panalibe wolankhula. Ndinangomva nthungululu. Nthungululu, ng'oma, ndi nkhuku ikulira keke-keke pafupi penipeni ndi foni. Achimwene anabwera akupuma mwawefuwefu: "Mphwanga, thadzi lili m'manja mwanga!"

Ndinagwada pomwepo, pakati pa mashelefu a mkate ndi mkaka, n'kulira ngati mwana. Abusa anayambitsa korasi. Mwini sitolo, amene si wa chipembedzo chathu, ankaomba nawo m'manja.

Ndege zitayambanso kuuluka ndinapita. Amalume anandilandira okha pamsewu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato nati, "Za phirizo sindikuzimvetsabe. Koma mwana wathu mumamudziwa." Atadya, anandikokera pambali n'kundifunsa motsitsa mawu ngati nkhandweyo inagwiritsa ntchito sopo.

Mayi a Dalitso ndinawafunsa pambuyo pake kuti anatsonyeranji. Anati, "Ine ndikulira pansi pa chitenje, mtima uli m'mwamba, banja langa likutha, inu mukukamba za nkhandwe? Nkhani yomwe ndinali nditaimva kale mpaka kutopa nayo?"

Abale, ndinapempha Mulungu kuti azimitse phiri, koma Iye anali ndi njira ina. Phulusa linatseka mlengalenga monse, mayiko akuluakulu anagwira njakata, anthu a ndalama zawo anagona pansi pa eyapoti, koma khomo la banja langa silinatsekeke. Lero tili ndi ana atatu, amene ukawalankhula Chichewa amayankha Chizungu, koma ndi madalitso ndithu. Iwe amene wakhala pano zinthu zako zakanselidwa, mapepala ako aima, kwanu akukukayikira, usataye mtima. Mulungu wathu sadikira kuti kumwamba kuyere.

Ndikuthokoza Ambuye. Ndikuthokoza mpingo uno umene unagwada nane m'kachipinda kaja. Ndikuthokozanso mkazi wanga, amene kuyambira tsiku limenelo sanandikayikirepo ngakhale pa mawu amodzi.

Mwamva? Abusa, mwamva kutsonyako kumbali ya amayi uko? Ndi ameneyo! Ndi yemwe uja! Imirirani, abale, amayi tipatseni nthungululu, kondwerani nane! Aleluya!