Mabatile Yolema ya ku Chanyanya

Ba Pasta, amai busa, bakulu ba mpingo, na imwe bonse abale na alongo, nakupatsani moni mu dzina la Yesu. Aleluya. Ba kwaya, ameni yanu yachepa, koma nkhani iyi ni yanu.

Nabwela kutsogolo kuno chifukwa nifuna kuchitila umboni pa vamene Mulungu ananichitila pa vidiyo ija ya kwaya.

Bambili muziba kuti pamene fakitale inayamba kuchotsa bantu nchito, na ine ninali pamzele. Banzanga banatenga mabenefiti, uyu minibasi, uyu kugulitsa vovala va salaula. Ine ninakwela basi ya ku Lusaka, nabwelako na kamela ya vidiyo na madeki yabili yokopela matepi. Mkazi wanga anayang'ana kamela, anayang'ana ine, ati, "Atate Chipo, manje tizayamba kudya vithunzi?" Ninamuuza ati dziko yasintha, masiku yano muntu aliyense ni kampani payekha. Anangotsonya. Imwe muli pa ukwati muziba kuti kutsonya kuja kubaba kuchila ndeo.

Nchito yanga yoyamba inali ya kwaya yathu ino. Nyimbo banali banaijambulitsa kudala pa kaseti, manje banafuna vidiyo. Ba Moonga, woimba besi wathu, msodzi wa ku Chanyanya, banati, "Bwelani kwathu, mabwato nizapeza." Kwa imwe balendo, nchito iyi iyenda so: uika kaseti mu wailesi, wailesi ilila, kwaya iimba kukonkha wailesi, iwe ujambula. Mawu yamene kamela igwila pa mtsinje siyasebenza, muli mphepo, mabelu ya njinga, na bamai bokangana pa nsomba. Ukafika kunyumba uyachotsa, uikapo yabwino ya pa kaseti.

Tinajambula bwino maningi. Ba Moonga banaimilila mu bwato, jekete ya pa Sande, kumendo kulibe nsapato.

Sipanapite nthawi, ba Moonga banadwala, Ambuye banabaitana. Pa malilo bakazi bao, bamake Mutinta, bananigwila kwanja. Ati, "Mwana wanga, chithunzi cha batate banu chili chabe pa leji, chitupa chija cha boma. Namvela muli nabo mu tepi. Nifuna nibaone baimba." Ine pakamwa panga, abale, pakamwa panga. Ninati, "Amai, Sande ikubwela muzabaona."

Ninafika kunyumba, nalumikiza wailesi ku malaiti, nalumikiza ku deki, naikapo nyimbo. Vesi yoyamba, bwino chabe. Vesi yachibili, naona milomo yachedwako pang'ono. Ninati ni maso yanga. Pofika pa solo ya ba Moonga, abale, mawu yanali yathamanga kutsogolo, yasiya bantu kumbuyo. Besi ija yogwedeza mabenchi inachokela pakamwa pa amai busa, bamene naonso banali mu kwaya. Amai, munikhululukile, munaimba monga thilakita. Kamela pofika pa ba Moonga, muntu mukulu, ndevu zoyela, batsegula pakamwa, kuchoka sopulano ya sisita wathu uja wamene abisa nkhope apo. Nyimbo yasila, kwaya ikali kuyasama mu bwato monga nsomba zamene zavuulidwa manje manje.

Museka, na ine ninaseka. Koma ninakumbuka kuti tepi iyi nizaonetsa mai wofedwa, kuseka kunasila. Ninayopa, abale. Bamuna bao bazabaona kamodzi aka, elo nibapatse baimba mawu ya kamtsikana?

Ninayesa vonse. Nikachedwetsa kaseti kuti kothela kulingane, koyamba kwaonongeka. Nikakonza koyamba, kothela kwathawa. Ninapukuta mu deki na sipiliti. Ninasintha mawaya. M'bale wina, sinizamuchula, ali pa benchi yachitatu, anabwela kuona, ati, "Ba Tembo, munajambulila pa mtsinje. Iyi ni mizimu ya mumanzi." Tinaidzudzula deki. Tinaidzudzula mpaka ba neba banabwela kufunsa ngati kuli wodwala. Ba Pasta, mafuta yaja munatipatsa ati tidzoze pa vitseko, nivomele, yenangu yanangena mu deki. Tepi inayamba kutelela, koma ba Moonga banapitiliza sopulano.

Pa Chibelu masana, mailo yake ndiye Sande, malaiti yanayenda. Ninankhala pa mpando, nati, "Ambuye, nalema. Mailo nizabauza chani amai baja?"

Mkazi wanga anali kuwasha panja. Anatenga wailesi, anakwela pa kampando, anatsitsa mabatile yamene anali anayanika pa malata kuti yapezeko mphamvu. Yanali yamene yaja tinasebenzesa ku Chanyanya, yatsopano sininagule. Anaikamo kaseti ya kwaya. Nyimbo inayamba bwino. Vesi yachibili, namvela yayamba kukoka. Pofika pa solo, iyenda monga muntu akankha njinga ya malasha pa chulu.

Ninaimilila. Ninakumbuka kuti pa mtsinje paja amai busa banakamba ati, "Lelo Mzimu watiimbitsa mofatsa." Sunali Mzimu, amai, yanali mabatile. Pa mtsinje wailesi inali kulema pang'ono pang'ono, kwaya nayo inali kuikonkha, palibe anaziba. Kunyumba ine ninaiika ku malaiti, elo malaiti siyalema. Mawu yanali kuyenda na mphamvu ya malaiti, bantu banali kuyenda na mphamvu ya mabatile.

Ninathamanga panja, nazimya wailesi. Mkazi wanga ati, "Imwe, nichani?" Ninati, "Osayasiliza mabatile aya, ni odzozedwa." Ninayabweza pa malata, nankhala pansi kuyalonda monga nilonda chimanga ku nkhuku.

Malaiti pobwela, deki ku malaiti, wailesi ku mabatile. Poyamba yanafa msanga, nyimbo yasalila kumbuyo. Ninayabweza pa zuba, nayesa futi, nayesa futi. Mkazi wanga, uja wa vithunzi, ndiye anali kukwela pa kampando, ine nili pa deki. Zuba ili pafupi kungena, ba Moonga banatsegula pakamwa, kunachoka besi yao. Tinayang'anana na mkazi wanga.

Koma nyimbo manje inali yokoka, abale, yokoka maningi. Ninali na nsoni.

Pa Sande pochoka kuno, bamake Mutinta banabwela kwathu ku Estates na bana bao. Banankhala pafupi na TV, manja pa mendo. Ninayamba kupepesa ati nyimbo yachedwa, banati, "Nkhala zii." Banaona kufika kothela. Misozi inali kuchoka, koma banali kuseka. Banati, "Zaka zonse izi mu kwaya mwanu munali kubasiya kumbuyo batate banu. Banali kubwela kunyumba badandaula ati bana aba bathamanga. Lelo mwabalindila bonse."

Ine ninachoka panja kukalila, sinizanama.

Niyamika Mulungu wamene anazimya malaiti pa nthawi yake. Niyamika mkazi wanga. Bamake Mutinta bali kumbuyo uko, amai, zikomo pobwela. Manje imililani bonse musangalale na ine. Ba kwaya, yambani nyimbo ija, koma osathamanga.