Mwala wobiriwira wa m'chitsime

Lachitatu, pa 14 Ogasiti 2024, abambo awiri osadziwana ankadikira minibasi pa Ntaja. Wamkuluyo anamasula kansalu, n'kuonetsa mnzakeyo mwala wobiriwira.

"Ndaupeza m'chitsime chomwe ndakumba kwathu ku Nselema."

"Ndiye mwalemeratu, achimwene!"

"Iyayi. Wopima miyala ku Zomba akuti umapangika madzi odutsa m'zitosi za mileme kapena m'mafupa akalowerera m'dongo."

"Basi, ndi mileme imeneyo."

"Kwathu kulibe phanga. Ndipo m'chitsimemo miyala yotereyi yandanda kutalika kwa munthu, momwe timagonekera maliro."

"Subuhanallah! Ana akumwa madziwo?"

"Mayi awo akaniza, tikutunga kumtsinje. Amene anandigulitsa malowo anasamuka, ndipo lero ndi sabata yachitatu foni sakuyankha."