Belu la Mpingo M'dramu

Ku Kawale, Goodwin wowotcherera zitsulo analonjeza mpingo wonse kuti belu lawo, limu ya tayala la lole yodzaza dzimbiri, liwala pa ukwati wa mwana wake Loweruka. Analimiza m'dramu la madzi a soda pamodzi ndi mbaula yakutha, nalumikiza mawaya a tchaja cha batire, n'kusiyira mlamu wake Yona kuti aziyang'anira.

"Alamu, zayenda?" anafunsa Goodwin pobwerera Lachisanu, akutikita manja.

"Zayenda kwambiri. Ndalipulumutsa."

"Mwapulumutsa chiyani?"

"Belu. Limawira, alamu! Thovu lokhalokha."

"Eya! Thovulo ndiye ntchitoyo. Waya wakuda pa belu, wofiira pa mbaula. Dzimbiri limachoka pa belu, mbaula n'kumadyeka. Sayansi imeneyo!"

"Chinthu cha Mulungu n'kumachiwiritsa ngati chinangwa? Ine ayi. Ndinasinthanitsa mawayawo."

Goodwin anagwira m'chiuno. "Munatani?"

"Wakuda pa mbaula, wofiira pa belu. Nthawi yomweyo belu linakhala phee, mbaula n'kuyamba kuwira. Mbaula ndiye inazolowera kutentha."

"Si moto umenewo, bambo inu!"

"Nanga chimawiritsa madzi n'chiyani?"

"Sakuwira!"

"Ndiye thovulo?"

"Ndi mpweya!"

"Ooo. Belu limapuma?"

Goodwin anazimitsa tchaja, napinda malaya, nakoka belu lija. Linatuluka lofiira psuu, litakutidwa ndi matope a dzimbiri.

"Mayo ine! Ndikawauza chiyani akulu a mpingo?"

"Zoona zake. Munati dzimbiri lisamuka, ndipo lasamukadi. Sindinakhulupirire, koma ndinu katswiri, alamu."

"Lasamukira kolakwika!"

"Inu simunanene kuti lili ndi kwawo."

"Chabwino, chabwino. Nthawi ilipo. Tibwezere mawaya, lichezere m'madzimo, mawa liwala. Mbaula ija ili kuti?"

"Achemwali atenga."

"Mkazi wanga? Atenga chitsulo chakutha chija?"

"Chakutha? Atachipukuta ndi sitiliwulu, mbee! Alulutira mpaka kumpopi."

Kumsewu kunamveka kulira kwa zitsulo ndi nyimbo. Goodwin anasuzumira pampanda. Amayi a Mvano anali pamzere, aliyense mbaula pamutu, wina atanyamula ndi bedi lachitsulo.

"Akufunanji anthuwa?"

"Ntchito yanu yatchuka," anatero Yona, akumizanso belu mosamala. "Ati belu lisachoke m'dramumo. Likukoka dzimbiri bwino kwambiri."