Chakudya cha Zotupa

Linali Lamulungu masana, basi ikuchedwa. Pasiteji ya pageti la chipatala, bambo wina wachikulire anali atafukata chikwama chachizimayi. Anayankhulitsa mayi wa gauni yoyera amene anakhala pambali pake.

"Pepani mayi, ndinu adokotala?"

"Ayi bambo, ndine wa ku labu. Ndinabwera kudzadyetsa zotupa."

"Kudyetsa chiyani?"

"Zotupa za khansa. Tili ndi makina onga pulinta, koma m'malo mwa inki timathiramo maselo amoyo ochokera kwa odwala. Makinawo amaumba kachotupa kakang'ono, pamodzi ndi mnofu ndi timitsempha tokazungulira, monga zimakhalira m'thupi. Ndiye timayeserapo mankhwala."

"Mpaka Lamulungu?"

"Njala sidziwa Sabata. Tikangojomba, timapeza tizotupa tonse tafa, ntchito ya miyezi yalowa m'madzi."

"Mayi akunyumba anasaina pepala, adokotala n'kudula kachidutswa ka chotupa chawo cha khansa. Tinawaika m'manda mwezi watha. Lero ndimadzatenga chikwama chawochi, tinachiiwala ku wodi. Ndiye kuti chotupa chawocho chilipobe?"

"Mwina chilipo. Ife sitiona mayina, timangoona manambala."

"Chikukula?"

"Zambiri zimakula bwino ndithu. Pepani bambo, cholinga n'choti ena adzapulumuke."

"Ndamva mayi, sindikukudzudzulani ayi. Kungoti mwini wake, sabata yomaliza ija, ngakhale madzi ankakanika kumeza. Ndinkangowanyowetsa milomo ndi thonje. Koma icho ndiye lero chadya."