Nkhwangwa Yosabwezedwa

Pa siteji ya Liwonde, podikira minibasi ya ku Balaka, bambo wina anayang'anitsitsa dzina la kampani lolembedwa pa malaya a mayi amene anaima pafupi naye.

"Mayi, mumagwira ku kampani ya Ajapani ija inatipatsa mbande za mango ku Rivirivi?"

"Eya, bambo."

"Mwatipweteka. Akuti fakitale youmitsa mango simumanganso. Mitengo yanga ndiotcha makala basi."

"Iyayi! Amene amakana ndi eni masheya akunja. Amafuna phindu lamsanga, ati mtengo umachedwa kubala. Koma dzulo pa msonkhano wa kampani anavota, iwo anagonja. Fakitale imangidwa."

"Akunjanso? Kampaniyo si ya Ajapani?"

"Ndi yawo, koma woponyamo ndalama naye amalankhula."

"Mayo ine! Ndasiya nditawauza alamu anga kuti ayambe kudula. Dikirani ndiimbe. Halo, alamu? Mwagwetsa ingati? Mwati chiyani?"

"Akuti bwanji?"

"Akuti nkhwangwa ija anabwereka a Jimu, oyandikana nafe, mpaka lero sanabweze."

"Ndiye mitengo yonse ilipo?"

"Yonse, mayi! Ine chaka chonsechi kuwanena a Jimu kuti ndi munthu wosabweza zinthu. Halo, alamu, mukadalipo? Kawauzeni a Jimu nkhwangwayo asunge, ndawapatsa. Muwagwirirenso nkhuku."