Nyimbo ya Mkazi Wanga Itasanduka Chitchaina

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine si wolankhula zambiri. Ndimayanika usipa ku Senga Bay, sukulu ndinalekezera sitandade sikisi. Koma ndinatsala pang'ono kutaya mawu omaliza a mkazi wanga, ndiye izi ndiyenera kunena.

Mkazi wanga, Nabanda, ankaimba kwaya ya amayi. Ali chigonere ndi matenda anapeka nyimbo, n'kumailemba pafoni. Anzake anangophunzira ndime yoyamba, iye n'kutisiya. Foni ija inadzagwera m'madzi, koma kamemore, kakhadi kosunga za m'foni, kanapulumuka. Ndinakasunga m'bokosi la machesi chaka chathunthu.

Titakonza zovundukula chiliza chake Loweruka, amayi a kwaya anapempha ndime zonse. Lachitatu ndinakwera minibasi kupita ku Salima, pamalo ena otayipa makalata. Mwini malowo anatsegula fayilo ya nyimbo ija pakompyuta. Panatuluka zilembo ngati za Chitchaina ndi timabokosi. Liwu lachichewa panalibe ngakhale limodzi.

"Iyi ndi vayirasi, madala," anatero. "Tifufute zonse, kamemoreka kakhale katsopano."

"Ndibwezereni," ndinayankha.

Ndinayesa malo achiwiri, zomwezo. Kunyumba mlamu wanga anati mwina malemuwo sakufuna, tingoimba ndime imodzi ija. Ndinakana, koma mtima unali utasweka. Lachinayi sindinayanike nsomba. Ndinagwada kuseri kwa nyumba n'kunena kuti, "Ambuye, munamuona akulemba. Musalole kuti mawu ake aikidwenso m'manda." Pemphero lonse linali lomwelo.

Lachisanu m'mawa ndinakapereka chambo pa loji ina. Wolandira alendo pamenepo ndi mayi Asiyatu, Msilamu, ndipo tinali tisanachezepo kuposa moni. Anandifunsa chimene chandikwinyitsa nkhope. Ndinatulutsa bokosi la machesi n'kufotokoza.

Atalowetsa kamemore kaja m'kompyuta ya palojipo n'kuona zilembo zija anafunsa, "Bambo, pali amene anasevapo zili chonchi?"

"Sindinalole."

"Alhamdulillah. Kuuma mutu kwanuko kwathandiza."

Anayamba wakopera fayiloyo pambali kuti yeniyeni isakhudzidwe. Kenako anaitsegulanso, ndipo panabwera kawindo kofunsa njira yowerengera zilembozo, kokhala ndi mndandanda wautali. Anasankha njira yoyamba, zinakanika. Yachiwiri, timabokosi tokhatokha. Ine chilili, chipewa chili m'manja. Atasankha yolembedwa kuti UTF-8, Chichewa chinaonekera, ndime zinayi zonse.

Mayiyo anati mawuwo sanawonongeke. Kompyuta ndi imene inkawawerenga ndi njira yolakwika. Anasindikiza mapepala khumi, ndipo ndinawanyamula m'kati mwa malaya mpaka kwa amayi a kwaya. Anaphunzira masana onse.

Loweruka anaimba pamanda. Ndime yomaliza inkati, "Musandilire ngati wotayika, ndapalasa ndafika tsidya." Ine sindiimba. Ndinangogwira pepala, ndipo linanyowa ndi misozi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lalifupi, n'kunditumizira thandizo kudzera mwa munthu wa kumzikiti. Mayi Asiyatu, Mulungu akusungeni.

Inu amene mwaona chinthu chanu chitasokonekera, musafulumire kufufuta, ngakhale odziwa atakuuzani kuti chatha. Pempherani, gogodani khomo lina. Ine ndinagogoda katatu. Bokosi la machesi lija ndikusungabe, koma nyimboyo tsopano ili pakamwa pa amayi onse a kwaya.